Chikande cha ku Rotherham

Mutu 6

1. Mwana amene sanalire

Bambo ake a Akuzike, a Jerome, anamwalira m'mwezi wa Malichi chaka chatha. Anagwa pa siteji ya basi ku Rotherham akupita ku ntchito, ndipo madokotala anati unali mtima. Maliro anapita kwawo ku Dedza. Akuzike, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, anapita nawo, anaona manda, anabwerera ku England, ndipo pa ulendo wonsewo sanagwetse msozi ngakhale umodzi.

Anthu anamuyamikira kuti ndi mwana wolimba mtima. Anthufe timafulumira kuyamikira zimene sitikuzimvetsa. Sikunali kulimba mtima ayi. Mwanayo anangochita dzanzi, monga mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Kusukulu ankapita, homuweki ankalemba, mbale ankatsuka. Ukamufunsa ngati akufuna mpunga kapena tchipisi, ankangokweza mapewa. Dzina la bambo ake sanalitchulenso, ndipo kudimba kwawo sanapondeko chaka chonse.

Dimbalo linali limodzi mwa timinda ting'onoting'ono timene anthu a m'tauni amabwereka kuti azilima ndiwo zamasamba. Kumeneko a Jerome ankalima mpiru, nyemba ndi anyezi. Koma pakona ina, pafupi ndi mgolo wa madzi, anali ndi bedi limodzi la maluwa limene ankalisamala kuposa ndiwo zonse. Amayi ake a Akuzike, a Ellen, amene ndi namwino, za bedi limeneli sankazidziwa bwino. Iwo ankangolandira mpiru. Amene ankapita kudimba ndi bambo Loweruka lililonse anali Akuzike.

2. Lonjezo la azakhali

Chaka chitakwana, Amalawi a m'derali anakonza mapemphero okumbukira malemuwo. Anagwirizana za Lamulungu masana, mu holo ya tchalitchi. Loweruka m'mawa kunafika azakhali, a Eneless, mlongo wawo wamkulu wa a Jerome, amene amasamalira okalamba ku Salford. Analowa m'nyumba ndi chikwama cholemera. M'katimo munali kamtondo, soda, nsinjiro ndi mpeni wawo wakale.

Asanavule n'komwe jekete, ananena chimene anabwerera. Anati mawa anthu akadya chikande, ndipo analengeza kale pa gulu la Amalawi la pa foni. Anthu a ku Manchester ena anati abwera chifukwa cha chikandecho basi.

Mwina ena mwa inu simunachidyepo. Chikande chimachokera ku timbatata ta maluwa ena a m'madambo ndi m'mapiri. Amatitsuka, amatisinja, amatiphika ndi chidulo kapena soda mpaka tilimbe, kenako amadula zidutswa ngati nyama. Amene anakulira nacho sachiiwala.

A Ellen anali atangofika kuchokera ku chipatala, maso ali psuu ndi tulo. Anafunsa kuti chikandecho chichokera kuti ku England kuno. A Eneless anaseka. Anati mlongo wawo anawauza yekha pa foni kuti wadzala chikande kudimba, ndipo anawatumizira chithunzi cha masamba ake a madontho akuda.

"Alamu, mwamuna wanu uja chikande ankachikonda kuposa nyama," anatero. "Tili ana tinkakumba limodzi. Ndiye anthu akumbukire Jerome ndi masamusa a m'sitolo, chikande chake chikuwolera pansi? Ayi. Aku, vala nsapato ukandionetse pamene anadzala."

A Ellen anatembenukira kwa mwana wawo n'kumuuza kuti awaperekeze azakhali. Akuzike anayankha m'Chingerezi, monga amachitira ana ambiri obadwira kuno, kuti chabwino. Nkhope yake sinasinthe. Anavala buti za bambo ake zimene zinali kuseri kwa chitseko, chifukwa zake zinali zitamuchepera.

3. Zimene bambo ananena

Pano ndiyenera kukubwezani m'mbuyo pang'ono, kuti mudziwe zimene Akuzike ankadziwa pamene ankatuluka m'nyumbamo.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, a Jerome anagula timbewu titatu ta maluwa aja. Tsiku lodzala, anamugwaditsa Akuzike pambali pawo n'kumuuza kuti:

"Maluwa awa ndi abale ake a chikande cha kwathu. Azungu amati okidi. Anthu ambiri amadziwa okidi wa m'sitolo uja wa pawindo, amene amafa akangomva mphepo. Awa ndi ena. Awa chisanu amachifuna. Ukawamvera chisoni n'kuwalowetsa m'nyumba pafupi ndi hita, wawapha ndiwe. Kukazizira masamba amauma, pamwamba pamaoneka ngati palibe kanthu, koma pansipo alipo, akugona. Usakumbe kuti uone ngati ali moyo. Uwafunditse masamba owola, uwasiye. Feteleza wa chimanga usathirepo, amawotcha mizu. Nthaka ikhale yonyowa koma madzi asamaime, n'chifukwa chake ndasakaniza timiyala. Ndipo usadzazule a kutchire. Kuno lamulo silimalola kuzula chomera cha kutchire popanda chilolezo cha mwini malo. Atatu awa ndagula kwa anthu amene amawafesa okha."

Chaka chilichonse bedilo linkawonjezekera pang'ono. Mbatata yakale inkafota, yatsopano n'kulowa m'malo, nthawi zina ziwiri. M'mwezi wa Juni munkatuluka timitengo ta maluwa ofiirira motuwa, okhala ndi timizere ngati wina wajambula ndi cholembera. A Jerome ankaima pamenepo ola lathunthu, manja kumbuyo, ngati mphunzitsi wamkulu akuyendera kalasi. Akuzike ankawaseka kuti maluwawo sathawa.

Tsiku lina anamuonetsanso chomera china chimene chinkamera chokha m'mphepete mwa mpanda wa zitsamba.

"Ichinso chili ndi madontho akuda, koma usanamizike ndi madontho," anatero. "Yang'ana tsamba. La okidi wathu ndi lalitali, mitsempha yake imayenda mondondozana kuchokera pansi mpaka kunsonga, ngati ya chimanga. Ukakumba, mbatata yake ili ndi zala ngati kadzanja ka mwana. Ichi tsamba lake lili ngati mutu wa muvi, mitsempha yake ili ngati ukonde. Ndi chibale cha koko wa kwathu, koma ndi choipa. Munthu akachiika m'kamwa chimabaya ngati singano, ndipo kummero kumatha kutupa. Ukachigwira usambe m'manja. Wamva, Aku?"

Akuzike anamva. Zonsezi zinali m'mutu mwake m'mawa umenewo, ngati katundu wa m'chipinda chimene munthu wachikiya.

4. Chala chinaloza kumpanda

Anafika kudimba cha m'ma 10 koloko. Kunali kadzuwa kosatentha, ndipo udzu unali woyera ndi chisanu. Mpiru unali utafa kalekale, paliponse pali thengo. Bedi la pafupi ndi mgolo lokha ndi limene linali losamalika, lofunditsidwa bwino ndi masamba owola. Amene anachita zimenezi anali a Ken, mzungu wachikulire wa dimba loyandikana nalo, amene ankacheza ndi a Jerome. Palibe anawapempha. Tsikulo iwo kunalibe.

A Eneless anatenga foloko yokumbira mu kanyumba ka zida n'kufunsa kuti ndi pati.

Akuzike anaona foloko. Anaonanso beseni limene azakhali ake ananyamula. Bedi lonse la bambo ake silikanafika n'komwe theka la beseni limenelo, ndipo likanatha lonse kuti anthu alawe kachidutswa kamodzikamodzi. Njira zinalipo ziwiri zooneka. Akanatha kuloza bedilo, kapena akanatha kunena mwaulemu kuti, Anti, musakumbe. Koma kukana munthu wamkulu kumafuna mawu ambiri, ndipo Akuzike mawu analibe. Anasankha njira yachitatu, imene ana ambiri amaiona ngati yachidule. Anakweza chala n'kuloza kutali, kumpanda wa zitsamba.

Ankaganiza kuti azakhali akakumba pang'ono, sakapeza kanthu, azizidwa, ndipo abwerera kunyumba. Za chomera cha kumpanda chija anaiwala kuti chimatuluka m'nyengo yomweyi, maluwa ena asanadzuke.

Sipanapite mphindi zisanu, a Eneless anaitana mosangalala. Anapeza masamba obiriwira onyezimira, a madontho akuda. Anati ndi omwewo a pachithunzi. Anabaya foloko, ndipo munatuluka timbatata toyera m'kati, tokula ngati dzira la nkhunda.

Musawaseke a Eneless. Chikande anachikumba komaliza zaka makumi atatu zapitazo, ndipo kwawo ankakumba maluwa atatha, masamba akufota. Anangoganiza kuti cha ku England chimasiyana pang'ono, monga momwe mbatata ndi nyemba za kuno zimasiyanira ndi za kwathu.

Akuzike anaima chapatali, manja m'thumba. Anaona tsamba la mutu wa muvi. Analizindikira nthawi yomweyo. Sananene kanthu.

5. Beseni linayamba kudzaza

A Eneless ankakumba uku akulankhula, osayang'ana m'mbuyo.

"Inu ana a kuno mumaona ngati chakudya ndi chakudya basi. Sichoncho. Munthu akapita, timamukumbukira ndi zimene ankakonda. Ine bambo akowa ndinawabereka kumsana. Tinkadzuka m'mawa Loweruka, ine ndi kakhasu, iwo ndi kathumba, kupita kudambo la kuseri kwa sukulu. Amayi athu akaphika, Jerome ankabisa chidutswa m'thumba la kabudula kuti akadye kutchalitchi. Pa maliro paja sindinawachitire kalikonse, ndinangokhala ngati mlendo. Ichi ndiye ndikufuna ndichite ndi manja anga. Ndipo mawa oyamba kulawa akhale ana. Ana a a Daniel, ana a a Shirley, onse aja amangodziwa pitsa. Alawe, adziwe kumene anachokera."

Akuzike anawadziwa ana amenewo. Wamng'ono kwambiri, Miracle, anali ndi zaka zinayi, ndipo chilichonse chimene wapatsidwa ankachiponya m'kamwa chathunthu. Komabe Akuzike anangoima. Mphepo inkamuwomba kumaso koma sankaimva.

Kenako a Eneless anasiya foloko n'kuyamba kukanda zala. Anati dothi la kuno limayabwa. Anatenga kambatata kamodzi, anakapukuta pa chitenje chimene anamanga pamwamba pa thalauza, n'kukadula pakati ndi mpeni. Anati chikande chenicheni chimadziwika ndi kunanda, ndipo lilime silinama. Anakweza kachidutswako kupita nako kukamwa.

Akuzike sanaganize. Anathamanga ndi buti zazikuluzo n'kumenya dzanja la azakhali ake. Kachidutswako kanagwera mu udzu.

Mwana kumenya dzanja la azakhali si nkhani yaing'ono, kaya ku Dedza kaya ku Rotherham.

"Anti, musadye," anatero Akuzike. Analankhula m'Chichewa, pang'onopang'ono, mawu ake ali ouma. "Si chikande ichi. Ndi poizoni. Ndakunamizani. Adadi sanadzale pano."

6. Bedi lenileni

A Eneless anafunsa ngati anadziwa kuyambira pachiyambi. Akuzike anati poloza sanadziwe, koma masamba atawaona anadziwa. Anawaonetsa mutu wa muvi ndi mitsempha ya ukonde, monga anamuonetsera bambo ake. Anawatengera pa mpopi kuti asambe m'manja, n'kukhuthulira timbatata tonse m'thumba la zinyalala.

Atapukuta manja, a Eneless anakhala pa ndowa yovundikira. Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Mwana wanga, ukanandikana pamaso ndikanakwiya, inde. Ndikanati mwana wa Jerome alibe mwambo. Koma mkwiyo wanga ukanatha pofika madzulo. Bodza lako likanatha liti? Beseni ili likanalowa m'khitchini mwa amayi ako. Amayi akowo ndi anesi, anthu amawakhulupirira kuti chochokera m'nyumba mwawo n'chabwino. Mawa tikanaona mwana wa munthu akulephera kupuma pa mapemphero a bambo ako. Iwe unaona ngati ukaloza kumbali wapulumuka, sunakane, sunavomere. Koma chala chako chinali chitayankha kale. Ukamakula uzikumbukira, kukhala chete pamene ukudziwa ndi kulankhulanso. Tsopano ndionetse pamene anadzala."

Akuzike anayenda mpaka pa mgolo wa madzi. Anagwada, anavula magolovesi, n'kuyamba kukankhira masamba owola kumbali ndi zala, mosamala. Dothi linali lozizira ngati la mufiriji. Poyamba sanaone kanthu. Kenako panaoneka kansonga kobiriwira, kolimba, kotalika ngati chikhadabo. Pambali pake panali kena. Anapitiriza, ndipo tinsongato tinali ponseponse, tambiri kuposa chaka chatha.

A Eneless anabwera ndi foloko ija n'kuima pamwamba pake. Mthunzi wa foloko unagwera pa bedi.

Akuzike sanadzuke. Anati pali china chimene adadi ankanena. Azakhali anati anene.

"Ankati kudambo kwanu kuja chikande chinatha. Ankati munkakumba zonse, zazikulu ndi zazing'ono, osasiyako. Ankati iwonso anakumba nawo, ndiye awa akudzala kuti abweze. Sanadzale kuti tidye, Anti. Anangokuuzani moseka."

A Eneless anayang'ana tinsonga tija, kenako anayang'ana kutali, kumene kunkadutsa basi.

"Pa maliro paja ndinapitako kudamboko," anatero motsitsa mawu. "Ndinazungulira mpaka dzuwa kupendeka. Sindinapeze ngakhale tsamba limodzi. Ndinkati mwina ndaiwala malo."

Anatembenuka n'kukabweza foloko mu kanyumba ka zida. Atabwerera anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kuyamba kubwezera masamba owola pa bedilo. Anafunsa ngati tinsongato sitifa ndi chisanu chimenechi. Akuzike anati ayi, timachifuna. A Eneless anapukusa mutu, n'kunena kuti ndiye ndi chikande chachilendo, chofanana ndi mwini wake, amene ankapita kudimba m'mvula anzake ali pa hita.

Akuzike sanaseke, ndipo sanalire. Koma zala zake zinayamba kuwawa chifukwa cha dothi lozizira lija. Zinkawawa kwambiri, mpaka anaziika m'khwapa. Chinali chinthu choyamba kumupweteka chibwerere kuchokera ku Dedza.

7. Mbale yopanda kanthu

Akutseka geti la kudimba, a Eneless anati nkhani sinathe. Maluwa apulumuka, koma mawa kubwera anthu oposa makumi asanu amene anawalonjeza chikande. Ena akwera sitima kuchokera kutali. Iwo sakaimirira kukanama kuti mbatata zinawola, chifukwa bodza la lero lakwana.

"Beseni ili ndikaliika patebulo lopanda kanthu," anatero. "Anthu akafunsa, ukaimirira ndiwe. Ukawauza zimene bambo ako anadzala, ndi chifukwa chake sitinakumbe. Zimenezi ukuzidziwa ndiwe wekha. Amayi ako sakuzidziwa, inenso ndazimva lero."

Akuzike anati sangathe. Anati sadziwa poyambira.

"Ukayambe ndi dzina lawo," anatero azakhali. "Tanena pompano, ndimve."

Akuzike anatsegula pakamwa. Milomo inayenda, koma mawu sanatuluke. Anayesanso kachiwiri, ndipo chimene chinatuluka ndi nthunzi yoyera ya mpweya wake basi.

A Eneless sanamukakamize. Anamupatsa beseni lopanda kanthu lija kuti anyamule, n'kuyang'ana wotchi ya pa foni yawo.

"Mapemphero ayamba 2 koloko mawa," anatero. "Ndawalembera kale abusa kuti mwana wa malemu alankhula."